Galimoto Yokatenga Tomasi

Mtakataka
9 Juni 1997

Kwa mwana wanga Laston,

Landira moni, iwe ndi mkazi wako ndi ana. Ine ndili bwino, kupatula maondo. Mlongo wako Eliza ali bwino ku Mua, akuphunzitsa. Amayi ako thupi lili bwino, koma akuyenda.

Ndifotokoze. Chiyambire kukolola, dzuwa likafika pamutu amasiya chilichonse chimene chili m'manja, amati, "Ee, ndamva," kenaka amalunjika kumapiri. Akuti mng'ono wako Tomasi akuwaitana. Poyamba ankathera kudimba. Tsopano akuwoloka njanji.

Thupi la Tomasi tinaika m'manda muno chaka chatha, iwe unalipo. Koma munthu wofera pangozi amatsala pamene anagwera, kufikira bambo ake atapita kukamutenga. Tomasi adakali pa Khwekhwerere, pamene lole ija inagubuduzika nawo. Nthawi ya maliro mvula inali itadula msewu. Misa inachitika, sindikuinyoza. Koma mwanayo sanafike kwawo.

Mwambo wa agogo ako uli chotere. Bambo amapita yekha ndi nthambi ya kankhande. Akafika amaitana mwanayo dzina lake kuti alowe m'nthambiyo, namukhazika pambali pake. Pobwerera salankhula ndi wamoyo aliyense, sabwerera m'mbuyo, ndipo pamtsinje uliwonse amamuuza kuti tikuwoloka. Ulendowu subwerezedwa. Bambo akalakwitsa, walakwitsa.

M'minibasi kondakitala adzandifunsa, ndipo ndidzayankha. Eni magalimoto ahayala akamva za kankhande amakana. Njinga maondo sangathe. Choncho ntchito yokonza ngolo ndaimitsa, ndikumanga galimoto yanga. Kuyendetsa sindinaiwale, thirakitala ya ku esiteti ndinaiyendetsa iwe usanabadwe.

Pa Golomoti ndapeza tchesisi ya pikapu yakale, ndi matayala ake, chiwongolero ndi giyabokosi. Mabuleki ndakonza. Mpando ndakhoma wa matabwa, wa anthu awiri. Chosowa ndi injini, ndipo iweyo ndiwe makaniko.

M'phukusili muli pepala la simenti. Ndinapaka makala pakamwa pa giyabokosi n'kudindapo, mabowo a mabawuti akuoneka onse. Mulinso sopo. Usachapire. Ndadindamo mano a shafiti. Uyende nazo kwa anzako, undipezere injini yogwirizana nazo.

Injiniyo ikhale yosazima panjira, pakuti ikazima ndidzayenera kupempha anthu kuti andikankhe. Ikhalenso yofatsa mawu.

Undiyankhe msanga.

Ndine bambo ako,
Bonifasi Ngozo


Biwi, Lilongwe
24 Juni 1997

Okondedwa Bambo,

Moni wambiri kwa inu ndi amayi. Kuno tonse tili bwino, kuzizira kokha. Ana akufunsa kuti agogo abwera liti ndi galimoto yawo, akuti akufuna kukwera kumbuyo.

Phukusi lafika. Nditatulutsa sopo uja pagalaja, anzanga anaseka mpaka wina anakhala pansi m'mafuta. Akuti, "Laston, madala atopa nawe, akuti uzisamba!" Koma sopoyo wathandiza, ndi pepala lomwe. Mtundu wa giyabokosi yanu ndaudziwa.

Ndasangalala kuti manja anu apeza chogwira, Bambo. Chichitikire maliro mwakhala chete kwambiri. Ndipo galimoto imeneyi ikayenda bwino idzakuthandizani, mpunga ndi tomato wa kumeneko amasowa chonyamulira. Za ulendo wa kuphiri sindikutsutsani, ngati ungakhazike mitima pansi. Koma amayi akufunika dokotala. Bwanji abwere kuno akhale nafe pang'ono?

Tsono za injini. Ndayenda Biwi yense ndipo ndapeza ziwiri.

Yoyamba ndi yapetulo, yaing'ono, inachoka m'galimoto ya bwana wina. Ikamalira ngati makina osokera, mukhoza kunong'onezana muli pambali pake. Koma mabowo ake sakugwirizana ndi pepala lanu. Pafunika kudula chitsulo chokhala pakati, ndipo kilachi yake nayo mano ndi ena. Zikhoza kutheka, koma zolumikiza chotero sizikhulupirika. Chinanso, injini imeneyi ikatentha pachitunda imatsamwa. Pa Khwekhwerere sindingakulonjezeni.

Yachiwiri ndi yadizilo, inachoka m'pikapu ya mtundu womwewo wa giyabokosi yanu. Ndinaika pepala lanu pakamwa pake, bowo lililonse linapeza mnzake. Imeneyi ikangolira basi, sifuna batire, sifuna pulagi, mpaka mutaizimitsa nokha kapena dizilo atatha. Vuto lake ndi phokoso. Ndi chigayo chenicheni. Ikakhala ndi sailensa yabwino, chitini chija chimameza phokoso ku paipi ya utsi, munthu akhoza kupirira.

Mwapempha yosazima ndiponso yofatsa. Bambo, ziwirizi m'injini imodzi sindinazipeze. Ine ndikanasankha yadizilo, imakoka katundu. Koma sankhani inuyo.

Mundiuze mmene amayi alili.

Mwana wanu,
Laston


Mtakataka
5 Julaye 1997

Kwa Laston,

Moni. Kalata yako ndawerenga.

Sindikumanga galimoto ya tomato. Ili ndi ulendo umodzi. Ikabwerako, ufune uiphwasule.

Amayi ako sabwera ku Lilongwe. Kuno akayenda amadutsa m'minda ya anthu owadziwa. Kumeneko adzayenda pakati pa magalimoto, ndipo phiri lidzawaitanabe.

Za injini ndaganiza. Yofatsayo ndinaikonda. Tomasi anali munthu wa mawu apansi, sankakonda phokoso. Koma ikatsamwa pachitunda, galimoto idzabwerera m'mbuyo yokha, kapena ndidzaima pamsewu ndi mwana wanga pambali, ndikuyang'ana anthu odutsa, osatha kuwapempha kanthu. Pamenepo zonse zidzakhala zitatha.

Tumiza yadizilo. Phokoso ndithana nalo. Moyo wanga wonse ndalankhula pakati pa nyundo ndi chitsulo, ndipo anthu amandimva.

Giya yobwerera m'mbuyo ndaitseka. Ndawotcherera kachitsulo pamene ndodo ya magiya imalowera, kuti dzanja lingalakwe bwanji isalowe. Usandilembere zotsutsa, zachitika kale.

Dzulo amayi ako anakawabweza anyamata odula nsungwi. Anali atadutsa manda a mudzi wachiwiri.

Ndine bambo ako,
B. Ngozo


Mua
20 Julaye 1997

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko ndi alamu? Ine ndili bwino, ntchito yokha ndi kuchongera mayeso. Ndalemba mobisa, bambo asadziwe, chifukwa iwo akakulemberani amalemba ngati akulipira liwu lililonse.

Amayi ndinapita nawo kuchipatala kuno. Anawayeza magazi, malungo, zonse. Thupi lilibe vuto. Anacheza bwino ndi anamwino, mpaka kuwaseketsa. M'mawa ndi madzulo ndi amayi athu omwe aja. Koma masana, achimwene, mukanaona.

Loweruka ndinali kumudzi. Tinkatonola chimanga pakhonde ine ndi amayi, akundinena kuti ndakalamba osakwatiwa, zomwe zija. Kunali bata, ngakhale nkhuku sizinkapalasa. Mwadzidzidzi anasiya chitsononkho, n'kupendeketsa mutu.

"Ee, ndamva," anatero.

Ananyamuka opanda nsapato. Ine pambuyo. Amayi amene amadandaula msana potunga madzi, ndinkachita kuthamanga kuti ndiwapeze. Minga sankaiona. Agalu a kwa a Mwanjuma, amene amauwa ngakhale mthunzi, anangolowa pansi pa nkhokwe.

Ndinati, "Amayi, mukupita kuti?"

"Khala chete, iwe. Akulankhula."

"Ndani?"

"Ukufunsa ngati mlendo. Mlongo wako."

"Akuti chiyani?"

Anaima n'kumvetsera ndithu, ngati munthu amene akumvera wailesi yosamveka bwino. Kenaka anati, "Akuti kumeneko kukuzizira. Akuti ali ambiri pamenepo, ndipo galimoto iliyonse ikamadutsa onse amaimirira."

Ndinawagwira mkono. Anandiyang'ana ngati sakundidziwa, kenaka anati, "Eliza, mapazi anga atani?" Anali magazi okhaokha. Tinabwerera akutsimphina, akundifunsa ngati ndatseka chimanga kuti mbuzi zisadye.

Kuwatsekera m'nyumba tinayesa. Anakanda chitseko mpaka zikhadabo kuthyoka, bambo anatsegula okha. Ndipo tsiku lililonse akupita patsogolo pang'ono. Njanji mukuidziwa, sitima ya katundu siuza munthu nthawi.

Galimoto ya bambo nayo ndi nkhani m'mudzi. Yaima pansi pa mtondo, mafupa okhaokha, pakati pali dzenje lodikira injini yanuyo. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, galimoto yopanda rivesi mukatembenuka nayo bwanji kuphiri?" Anandiyankha akukhoma, osadzutsa mutu: "Ndikazungulira." Ndinati, "Nanga apolisi akakuimitsani? Ilibe nambala, ilibe chilichonse." Anati, "Wapolisi wobadwira kuno akaona kankhande amayang'ana kumbali."

Ine ndine wa kwaya, mukudziwa, ndipo zimenezi sindidziwa kuti ndiziike pati. Ndinkaseka nawo anthu. Tsopano ndasiya. Ngati injiniyo ilipo, tumizani. Kaya zithandiza kaya ayi, china choti tichite palibe.

Mlongo wanu,
Eliza


Biwi, Lilongwe
2 Ogasiti 1997

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu ndi amayi. Ndalemba mothamanga, kalatayi ndiponya ku positi popita kunyumba.

Injini yadizilo ndaikweza lero pa lole ya mnzanga Henry, amene akupita ku Golomoti kukatenga thonje. Akutsitsirani pamsewu. Kilachi ndamangiratu, mungolowetsa shafiti ndi kumanga mabawuti.

Koma mvetsani ichi. Yabwera yopanda zinthu ziwiri. Sitata yake inali yopsa, ndaipereka kuti aikulunge mawaya. Sailensa ya injini imeneyi sinapezeke, ndaitanitsa ku Blantyre. Popanda sitata muyenera kuiliza mokankha. Popanda sailensa simudzamva ngakhale mawu anu omwe.

Ndawerenganso kalata yanu yoyamba ija, pamene munati mukamuitana dzina. Poyamba sindinalabadire, ndinkaganiza za mabawuti. Bambo, musanyamuke. Dikirani. Kumapeto kwa mwezi ndibwera nazo ndekha zonse ziwiri, tidzamange limodzi. Ndi sitata mukhoza kukaizimitsa kuphiriko, kuitana pali zii, n'kuilizanso osapempha munthu.

Amayi muwayang'anire mpaka ndifike.

Mwana wanu,
Laston


Mtakataka
13 Ogasiti 1997

Kwa Laston,

Moni. Injini inafika. Kalata sinabwere nayo, ndipo dalaivala sanadziwe kanthu. Ndikuthokoza.

Tinaikweza ndi unyolo panthambi ya mtondo. Inalowa m'giyabokosi mosavuta, bawuti aliyense pamalo pake. Wasankha bwino.

Sitata palibe, sailensa palibe. Ndayesa kuti sizinapezeke. Anthu anandikankha pabwalo la mpira ndipo inalira. Mbuzi zinadula zingwe. Ana a m'mudzi anathawira m'nyumba. Ndapanga sailensa yanga ndi chitini cha penti, ndathiramo mawaya ndi timiyala. Phokoso lachepa, munthu akafuula amamveka.

Ndikanadikira kuti undiuze za zotsalazo. Sindingathe.

Lolemba amayi ako anawapeza pa mlatho wa njanji, pakati penipeni, akuponda thabwa limodzi limodzi. Pansi pake pali miyala yokha, madzi anaphwa. Sitima inali itaimba kale kumtunda. Amene anawakoka ndi mkazi wina wotola nkhuni, ndipo chitenje chawo chinatsala pa mlathopo. Atafika kunyumba anapempha madzi osamba, ngati palibe chimene chachitika.

Kankhande ndadula. Dizilo ndadzaza. Ndinyamuka Loweruka kukacha. Eliza adzakhala ndi amayi ako.

Usabwere. Ulendowu ndi wa munthu mmodzi.

Ndine bambo ako,
B. Ngozo


Mtakataka
19 Ogasiti 1997

Kwa mwana wanga Laston,

Moni. Ndinapita ndipo ndabwerako. Kalata yako yoti ndidikire ndaipeza ku positi dzulo. Akuti inasochera ku Salima. Ndaiwerenga. Ulibe mlandu.

Ndikuuza zonse mwa dongosolo lake.

Anandikankha dzuwa likutuluka. Galimoto inayenda bwino. Pa Golomoti munthu wina woledzera anafuula kuti, "Taonani, chigayo cha Angozo chathawa!" Anzake ataona nthambi pampando anamutseka pakamwa.

Chitunda injini inakwera ndi giya yoyamba, osatsamwa ngakhale pamodzi. Pamenepo unanena zoona. Koma titafika pakati pa phiri chitini changa chinaphulika. Timiyala tinamwazika mumsewu. Kuyambira pamenepo phokoso linali lonse.

Pakhona pamene lole inagwera pali kachidikha ka mchenga. Ndinazungulira pamenepo, galimoto inayang'ana kwathu. Ndinaima. Kunali dzuwa, kopanda munthu. Dzanja langa linafika pa waya wozimitsira injini. Ndinaganiza kuti ndiizimitse, ndiitane mwana pali bata, ndipo potsika idzalira yokha ndi giya. Koma matayala anali mumchenga, ndipo kuchoka pamenepo kufika potsetsereka pafunika okankha. Ndinachotsa dzanja.

Ndinatenga nthambi, ndinapita m'mphepete mwa phompho. Kutsikira pansi maondo sakanalola. Zitsulo za lole zidakalipo m'munsimo, zachita dzimbiri. Phiri linkabweza phokoso la injini, la kuno ndi la kutsidya n'kukumana pamutu panga. Ndinaitana. Ndinati, Tomasi mwana wanga, ndine bambo ako, ndabwera kudzakutenga, tiye kwathu. Pakhosi ndinamva kuwawa, ndiye kuti ndinafuula. Koma m'makutu mwanga simunalowe liwu langa ngakhale limodzi.

Udzu wa m'mphepetemo unagona, mphepo kulibe. Unagona malo ambiri.

Ndinaika nthambi pampando wa kumanzere. Galimoto inatsika pang'ono mbali imeneyo. Ndinakondwa. Koma inatsika pang'ono kwambiri, ndipo Tomasi anali munthu wothyola mpando. Ndinadziuza kuti akufa salemera.

Tinatsika phiri. Pa Livulezi ndinafuula kuti tikuwoloka. Nditayang'ana, nthambi inali itasunthira kumapeto kwa mpando, kutali ndi ine. Ndinaibweza pakati. Pa Namikokwe inali itasunthiranso komweko. Sindinaikhudzenso. Pamwamba pa utsi wa dizilo ndinkamva fungo la mafuta odzola kumutu. Tomasi ankameta mpala.

Sindinalankhule ndi munthu. Sindinabwerere m'mbuyo. Injini sinazime. Zonse zimene ndinaopa sizinachitike.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Ndinalowa pabwalo n'kukoka waya. Bata lake linandiwawa m'makutu. Anthu anali ataima patali. Amayi ako anatuluka m'nyumba, Eliza atawagwira dzanja. Anabwera mbali ya kumanzere, nayang'ana pampando nthawi yaitali.

Anati, "Angozo, mwana wa yani ameneyu?"

Ndinati, "Ndi Tomasi."

Anati, "Musandipusitse, ine ndinabereka. Uyu ndi mtsikana. Taonani mmene akunjenjemerera."

Eliza anati, "Amayi, ndi nthambi chabe."

Amayi ako anati, "Iwe, kateleke madzi. Mwana wa eni ake wayenda ulendo wonsewu m'chiphokoso chimenechi, ndi mdala woti sakumudziwa, akumukalipira pamtsinje uliwonse." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Munaitana kuti amve ndani? Anangoona mpando uli wopanda munthu, wakwera amene anali pafupi."

Ndinati nthambiyo ipite kumanda monga mwa mwambo. Anakana. Anati mwana wamkazi wa eni sangagone pamanda a mwamuna wosamudziwa. Anavula mpango wawo, anafunditsa nthambiyo, nalowa nayo m'nyumba atainyamula ngati khanda. Minga inawabaya m'manja, koma nthambiyo sanaitaye.

Akuluakulu a banja ndawafunsa. Ayankha zimene ndinkazidziwa kale. Ulendo unachitika, subwerezedwa. Tomasi watsala.

Galimoto ili pansi pa mtondo. Sindinaiyang'anenso.

Ndine bambo ako,
Bonifasi Ngozo


Biwi, Lilongwe
1 Sepitembala 1997

Okondedwa Bambo,

Moni. Kalata yanu ndaiwerenga kambirimbiri. Mwati ndilibe mlandu, koma ndikanapatsira Henry kalata ija m'manja. Sitata ndi sailensa zili pansi pa bedi langa. Ulendo wa kumapeto kwa mwezi ndinalephera, manyazi anandigwira. Ndibwera Loweruka la sabata ya mawa.

Sindikudziwa chimene ndikukhulupirira, Bambo. Koma sindinathe kungokhala. Ndinafunsafunsa kwa madalaivala, ndipo anandilozera munthu wina amene anali wonyamula katundu pa lole ija. Anapulumuka, mwendo umodzi ndi wopindika, pano amagulitsa mafuta a injini pa depoti. Ndinamufunsa ngati pa anthu amene anafa tsiku lija panali mtsikana.

Anandiyang'ana, n'kuti, "Akulu, mwadziwa bwanji?"

Akuti analipo mmodzi. Anakwerera cha ku Bembeke ndi dengu la mbatata, ankapita kwa azakhali ake kunyanja, sukulu itatsekera. Anakhala kumbuyo penipeni chifukwa ankachita manyazi ndi azibambo. Bambo ake anamwalira kalekale, choncho panalibe womutenga. Dzina lake waliiwala, koma mkazi wake ndi wa mudzi womwewo ndipo akudziwa banjalo. Ananenanso chinthu china chimene sindinamufunse. Akuti mayi a mtsikanayo masiku ano sakhazikika pakhomo, abale amachita kukawasaka m'mapiri.

Bambo, ngati zili choncho, njira ilipo. Ndikatenga dzina kwa mkaziyo sabata ino. Ndikabwera tidzamange sitata ndi sailensa, tinyamule nthambiyo, tikaipereke kwa eni ake. Amalume ake akhoza kumulandira ndi dzina lake. Kwa ife zalephereka, koma kwa iwo zikhoza kutheka.

Amayi ali bwanji? Simunandiuze ngati akuyendabe.

Mwana wanu,
Laston


Mtakataka
7 Sepitembala 1997

Kwa mwana wanga Laston,

Moni kwa iwe ndi a m'nyumba mwako. Kalatayi ndapatsira dalaivala m'manja kuti ikupeze usananyamuke.

Wafunsa za amayi ako. Chibwerere ine kuphiri, sanatuluke pabwalo lino.

Tomasi akuitanabe. Dzuwa likafika pamutu amapendeketsa mutu monga kale, ndipo ine ndimasiya nyundo. Amati, "Ee, ndamva. Koma ndili ndi mlendo, sindingamusiye yekha." Akatero amapitiriza ntchito yawo. Mabala a kumapazi apola. Akudya. Nthambi anaigoneka m'chipinda cha Tomasi, pamphasa yatsopano, ndipo m'mawa amatsegula zenera kuti mwanayo aone kunja. Dzana ndinawamva akuseka m'chipindamo. Chichitikire maliro ndinali ndisanamve kuseka kwawo.

Ndinawafunsa kuti, nanga eni ake akapezeka? Anati, "Akapezeka tidzawapatsa, si wathu. Ndipo ine ndidzapita kwa wanga." Ananena mofatsa, akusankha nyemba.

Tsono mvera. Kwa mkazi uja usapite. Ngati wapita kale, dzinalo likhale ndi iwe. Usalilembe m'kalata, usalitchule pakhomo pano, usamuuze Eliza. Pamene sindikulidziwa, ndikusunga mlendo wosochera. Ndikalidziwa, ndidzayenera kumubweza.

Za mayi wa ku Bembeke ndawerenga. Usaganize kuti ndinadumpha mzere umenewo. Ndikudziwa mmene mapazi ake akuonekera, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko maphompho ndi akuya kuposa kuno. Ndikudziwa chimene ndikuchita. Ukafuna kundiweruza, udzandiweruze pamaso, tili awiri. Koma amayi ako ndinawalandira kuchokera pa mlatho kamodzi, ndipo wotola nkhuni sapezeka tsiku lililonse.

Loweruka ubwere. Zitsulo zako usavutike nazo.

Amayi ako apempha chinthu chimodzi. Akuti ugule nsapato za mtsikana, zakuda, za kusukulu, pakuti zake zinatsala kuphiri. Ndadula kachingwe kali m'kalatamu. Ayeza okha phazi lake.

Ndine bambo ako,
Bonifasi Ngozo